Patitaimu wa kwathu ndi hagwon za ku Korea

Belu loweruka likalira m'sukulu za ku Ndirande, Kawale kapena Chibavi, si ana onse amene amapita kwawo. Ena amatsalira m'kalasi, ena amakadzazana pakhonde pa aphunzitsi, makolo n'kumalipira mwezi ukatha. Timati patitaimu. Kholo lolipiralo sindingalinene. Mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mpaka lero kuli makalasi a ana oposa 100 pa mphunzitsi mmodzi. Malo ku sekondale ndi ochepa, ku zogonera komweko ndiye osanena, ndipo amagawa malowo ndi mayeso a MANEB a Sitandade 8. Mantha a kholo ali ndi chifukwa.

Mantha omwewa ndi amene anamanga hagwon ku South Korea, sukulu zolipira zimene ana amapitako akaweruka. Dera la Daechi-dong ku Seoul ladzaza nazo. Zambiri zimaloza ku Suneung, mayeso olowera ku yunivesite olembedwa mu Novembala, tsiku limene ngakhale ndege zimaimitsidwa kuti ana amve bwino gawo lomvetsera Chingerezi. Mu 1980 Chun Doo-hwan, amene ankalamulira dzikolo, analetsa maphunziro olipirawa. Sanathe ayi, anangobisala, mtengo n'kukwera, olemera n'kumapitiriza mwakachetechete. Mu 2000 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linathetsa chiletsocho, ndipo lero akuluakulu a Seoul amangolamula kuti hagwon zitseke pofika 10 koloko usiku. China inayesanso mu 2021, poletsa makampani kuchita phindu pophunzitsa maphunziro a m'kalasi. Kumenekonso aphunzitsi ambiri anangosamukira m'nyumba za anthu.

Choncho amene amati boma lingoletsa patitaimu akuyang'ana pamene agwera, osati pamene aterereka. Khomo likakhala lopapatiza, anthu adzakankhana basi.

Koma pali kusiyana kumodzi kumene kumandiwawa. Ku Korea wophunzitsa ku hagwon ndi wina, wa kusukulu yaboma ndi wina, ndipo lamulo silimulola wabomayo kuphunzitsa ana payekha molipiritsa. Kwathu kawirikawiri ndi munthu yemweyo: m'mawa walipidwa ndi boma, masana ndi makolo a ana omwewo. Malipiro a aphunzitsi ndi ochepa, zimenezo n'zoona, ndipo ambiri amachita izi mokhulupirika. Komabe yesero lilipo, losunga mutu wovuta wa masamu kuti ukaphunzitsidwe masana. Zikatero mwana wa mayi wogulitsa tomato, amene sanalipire, waberedwa phunziro limene linali lake kale. Ndipo masanawo mumachitikanji? Nthawi zambiri ana ndi ochuluka chimodzimodzi, bolodi ndi lomwelo, ntchito ndi kuloweza mayankho a mapepala akale. Mwana amene sanamve m'mawa amamva mawu omwewo kachiwiri, tsopano ali ndi njala.

Kuphunzitsa kwapadera kumathandiza, koma kukayambira pamene mwanayo waima. Ku India bungwe la Pratham linkatenga atsikana a m'dera, amene anangomaliza sekondale, kuti aziphunzitsa ana otsalira maola awiri patsiku, kuyambira pa zilembo ndi manambala. Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2019, anafufuza ntchitoyi pamodzi ndi anzawo ku Vadodara ndi Mumbai, n'kupeza kuti amene anapindula kwambiri anali ana ofookawo.

Anansi athu a ku Zambia anatengera njirayi mu 2016, pansi pa dzina la Catch Up. Ana a Giredi 3 mpaka 5 amayesedwa mmodzimmodzi, n'kugawidwa m'magulu motengera zimene akutha, osati kalasi imene ali. Wosadziwa zilembo amakhala ndi anzake osadziwa zilembo, wotha kuwerenga mawu amapita kwa owerenga mawu. Kuchigawo chakum'mawa amaphunzira m'Chinyanja chomwe timayankhulachi. Ophunzitsa ndi aphunzitsi aboma omwewo, pasukulu pomwepo, ndipo kholo silitulutsa ndalama. Kuchokera ku Mchinji kupita ku Chipata ndi ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto, ndiye akuluakulu a maphunziro kwathu kuno apite akaone, makomiti a sukulu nawo afunse kuti ola lamasanali liperekedwe kwa ana otsalira, olipira ndi osalipira omwe.