Galu adapulumukira m'buku la amayi ku Bangula

Tsiku lomwe galu wathu adaluma mwana wa aneba, anthu a m'dera lathu ku Bangula sadafunse zambiri. Pasanathe mphindi khumi pabwalo padali patadzaza anyamata a zibonga, wina atanyamula mpini wa khasu, ndipo mawu adali amodzi: "Ngwachiwewe ameneyu, aphedwe basi!" Udali mwezi wa Okutobala chaka cha 2024, dzuwa likuswa mtengo monga lichitira kuno kuchigwa cha Shire, ndipo mphekesera zidali zitamveka kale zoti m'mudzi wina chapafupi mudadutsa galu wopenga.

Ine ndidali nditangofika kumene kuchokera ku Limbe komwe ndimasaka nkhani. Ndivomere pano, abale anzanga, kuti mtolankhanine ndidangoti kakasi, manja m'thumba. Amene adachita chamuna ndi amayi anga, ogulitsa mlamba wowamba pamsika wa Bangula, omwe sukulu adalekezera Sitandade 6. Adakankhira galuyo m'nyumba n'kukhoma chitseko, adatuma mlongo wanga kuti athamangire ndi mwanayo kumjigo akamutsuke dzanja ndi sopo, kenaka adatuluka atanyamula ndowa yapulasitiki yotseka pamwamba. Anthu adayesa muli madzi. Mudali buku.

Kuti mumvetse za ndowayi, ndiyambe ndakufotokozerani za matenda a amayi anga, poti anafe tinkati ndi matenda. Mayiwa sataya pepala. Ali ndi kauntabuku, lija lachikuto cholimba lomwe enanu mumalembamo ngongole za makasitomala, koma iwo amamatamo chilichonse chokhudza banja lathu. Adayamba mu 1993 akadali mtsikana, pomwe adadula chithunzi cha nyali m'nyuzipepala yokulungira nsomba nthawi ya riferendamu ya pa 14 Juni. Kuchokera apo sadasiyenso. Mudalowa ndalama yapepala yokhala ndi nkhope ya Kamuzu, kachidutswa ka chitenje cha paukwati wawo, makhadi athu a kusikelo, matikiti a msika, ngakhale tikiti ya sitima yochoka ku Bangula kupita ku Limbe, ya masiku omwe madzi adali asanadule njanji chakufupi ndi Chiromo mu 1997. Mudalinso chithunzi cha mnzawo wa ku Mozambique yemwe adakhala nawo nthawi ya nkhondo, n'kubwerera kwawo mtendere utasainidwa mu 1992.

Lamlungu lililonse madzulo amayala mphasa pakhonde, sizasi apa, guluu apo, ife tikulimbirana wailesi. Pansi pa chomwe amata amalemba tsiku ndi malo, ndipo nthawi zina kandemanga koluma. Tsiku lina ndidawauza kuti kwa azungu khalidweli ndi lakalekale, moti wolemba mabuku wa ku America, Mark Twain, adalembetsa kuboma mu 1873 buku lokhala ndi guluu kale m'masamba mwake n'kumapha nalo makwacha. Iwo adangoti, "Mzunguyo ulesi eti? Adalephera kuphika phala la chinangwa?" Poti poyamba ankamata ndi phala la ufa wa chinangwa, mpaka mphemvu zidawakumbutsa kuti phala n'chakudya.

Buku loyamba lidadyedwa ndi madzi. Mu Januwale 2015 Shire ndi Ruo adasefukira limodzi, Ruo n'kusiya njira yake kukadula Makhanga, ndipo boma lidalengeza kuti maboma 15 ali pangozi, Nsanje ndi Chikwawa kutsogolo. Ife tidathawa usiku ndi zovala za m'thupi zokha kukakhala pamsasa. Pobwerako bukulo lidapezeka m'matope kuseri kwa chitseko, masamba khumi ndi awiri okha ndiwo adapulumuka. Chithunzi cha malemu bambo athu, chimodzi chokhacho chomwe adajambulitsa atavala jekete, chidakakamira ku tsamba linzake. Poyesa kumatula, nkhope idatsalira uko, jekete kuno. Mbuzi zinayi zidapita ndi madzi amayi osagwetsa msozi, koma tsiku limenelo adalira ngati maliro ayambiranso.

Adagula kauntabuku lina, n'kumatamo zomwe zidatsala. Madzi adawaphunzitsa zinthu zomwe inu amalonda zingakuthandizeni. Zolemba ndi bolopeni kapena pensulo zidawerengeka zitauma, koma za inki yamadzimadzi zidasanduka utoto. Timalisiti tija totuluka m'makina a m'masitolo timafufutika tokha ndi kutentha, miyezi ingapo mungopeza kapepala koyera, ndiye kofunika amakapangitsa fotokope asanamate. Buku limagona m'jumbo, jumbo m'ndowa, ndowa n'kupachikidwa kudenga. Enanu muti zonsezi n'zachikale, zithunzi zili m'foni. Ndifunseni ine amene foni yanga idapita ndi zala za munthu m'minibasi, pamodzi ndi zithunzi za zaka zitatu.

Tsono za agalu. Woyamba adabwera mu 2014 m'katoni, atanyamulidwa ndi amalume omwe ankaphikira bwana wina wa kuminda ya nzimbe ku Nchalo. Bwanayo pobwerera kwawo ku South Africa adawasiyira kamwana kagalu koyera ka mawanga ofiirira kumutu, miyendo yaifupi, makutu ogwa. Anthu adaseka zedi. "Ameneyu ndi galu kapena kalulu?" Amayi, podziwa kuti kwathu kuno dzina la galu limayankhira mwini wake, adakatcha Musandiyese.

Mtundu wake ndi womwe azungu amati Jack Russell terrier. Dzinali lidachokera kwa m'busa wina wa ku England, John Russell, yemwe adayamba kuweta tiagaluti cha m'ma 1819 kuti tizilowa kuuna n'kutulutsa nkhandwe pa uzimba. Ndiye kuchepako n'kwadala, ndipo mtima wosaka uli m'magazi. Ife tidaziona katakwanitsa miyezi isanu ndi itatu. Kachipinda kosungira nsomba kadali msika wa makoswe, ndipo amene mumagula mlamba wa kudambo la Elephant Marsh kukagulitsa ku Ndirande kapena ku Bangwe mukudziwa kuti nsomba yodyedwa pamimba ilibe mtengo. Usiku wina chitseko chidasiyidwa chosatseka. Kutacha tidapeza makoswe asanu ndi awiri atagona pansi, Musandiyese atakhala pambali akupukusa mchira ngati akudikira malipiro. Kuyambira pamenepo tameki adasiya kulowa m'nyumba mwathu, ndipo ine ndidapumirako, poti poizoni ndi chakudya cha anthu siziyenera kugona chipinda chimodzi.

Musandiyese adabereka ndi galu wamba wa m'mudzi, ndipo pa ana akewo tidasunga mmodzi. Poti aliyense wokhala ndi thumba la mpunga ankabwera kudzapempha kuti galu akagone kwawo usiku umodzi, mwanayo adatchedwa Bwerekani. Mtengo wake ndi mbale ya mpunga kapena mulu wa mbatata, kuonjezera "takhuta" wa pakamwa.

Koma ndisakunamizeni kuti tiagaluti n'tabwino pa zonse. Timauwa ngakhale tsamba likagwa. Timakumba paliponse, moti dimba la mbatata la aneba ena lidasanduka mabwinja. Nkhuku ikathamanga, kwa ito ndi khoswe wa nthenga, ndipo m'buku muli tsamba lolembedwa "anapiye atatu, ndalipira." Nthawi yotentha, pomwe kuno kumapitirira madigiri 40, timafuna madzi ndi mthunzi ngati khanda, nkhupakupa nazo osanena. Kumtsinje ndiye sitilola n'komwe, ng'ona sidziwa zoti uyu ndi wa ku England.

Komabe mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika n'kupha anthu oposa 600 m'chigawo cha kummwera, adali agalu omwewa amene adakanda chitseko pakati pa usiku mpaka amayi kudzuka n'kuponda m'madzi. Ulendo uno ndowa ndiyo idayamba kukwera pamutu. Bwerekani adasambira yekha, koma Musandiyese, atakalamba kale, mlongo wanga adamubereka kumsana ndi chitenje. Pamsasa anthu adaseka mpaka kugwira nthiti, ngakhale padali pamavuto.

Tibwerere tsono ku zibonga zija. Chomwe chidachitika n'chakuti Bwerekani adagwira khoswe kuseri kwa bafa, ndipo mwana wa aneba, wa zaka zisanu ndi ziwiri, adafuna kumulanda pomukoka mchira wa khosweyo. Mano adalowa pachikhatho. Mayi wa mwanayo si mlendo kwa ife, amayala mpunga pafupi ndi amayi pamsika, ndipo ali m'gulu limodzi la banki m'khonde. Koma magazi a mwana akaoneka, chinansi chimathawa. Nkhani idathera kwa anyakwawa nthawi yomweyo, khamu lili pambuyo.

Amayi adagwada, n'kutsegula ndowa. "Zikomo amfumu. Kuluma waluma, sindikukana, ndipo mlandu ndi wanga. Koma zoti ngwachiwewe, tiyeni tifunse buku." Adayamba kutembenuza masamba mosapupuluma, anthu n'kumasuzumira. Padadutsa satifiketi yanga ya Fomu 4, padadutsa jekete lopanda mutu la bambo, mpaka padafika tsamba lomwe adamatapo chithunzi cha agalu awiriwo. Pansi pake padali timapepala ta katemera wa chiwewe, chaka ndi chaka, komaliza ka mwezi wathawo, kokhala ndi chidindo ndi siginecha ya a zowona za ziweto. Anyakwawa adaitana mphunzitsi wina yemwe adali pagulupo kuti awerenge mokweza. Ndidaona mpini wa khasu uja ukutsika pang'onopang'ono mpaka kusanduka ndodo yotsamira.

Pano ndiyankhuleko ngati mtolankhani, osati mwana wa mwini galu. Anyamata a zibonga aja sadali opusa ayi. Chiwewe si nthabwala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri ku Africa ndi Asia, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangooneka mwa munthu, kuchira kulibe. Chomwe adalakwitsa n'kuthamangira galu m'malo mothamangira mwana. Munthu akalumidwa, choyamba ndi kutsuka bala ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenaka kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti tione kaye, osathira tsabola kapena zitsamba. Galu wodziwika mwini wake amayenera kumangidwa n'kumuyang'anira masiku khumi. Akakhala kuti adali ndi chiwewe m'malovu poluma, amadwala kapena kufa mkati mwa masiku amenewo. Mukamupha ndi kumutaya kuthengo, mwataya umboni, ndipo banja la mwana litsala ndi mantha okhaokha. Akatswiri akuti agalu asanu ndi awiri mwa khumi alionse akabayidwa katemera, matendawa amasowa podutsira, ndipo n'zomwe bungwe la Mission Rabies lidayamba kuchita mumzinda wa Blantyre mu 2015. Inu a m'tauni amene galu wanu amangoyendayenda kuseri kwa maokala, kapepala kake kali kuti?

Anyakwawa adagamula molunjika. Mwana apite kuchipatala dzuwa lisanalowe, thiransipoti ndi zonse zili pa amayi. Galu amangidwe masiku khumi, a zowona za ziweto adzamuone. Akapezeka kunja kwa chingwe, zibonga zili ndi ufulu. Ndine ndidaperekeza mwanayo ndi mayi ake, ndipo ulendo wonse mayiwo sadandiyankhule ngakhale liwu limodzi. Kuchipatala adalitsukanso balalo n'kumubaya jakisoni, ndipo kapepala kathu kaja adakayang'anitsitsa asanatiuze tsiku lobwereranso.

Masiku khumiwo adali aatali. Bwerekani, wosazolowera chingwe, adalira usiku ndi usana, ndipo m'mawa uliwonse bambo a mwana ankadutsa dala kudzaona ngati akudya ndi kumwa. Tsiku la khumi ndi chimodzi adamasulidwa ali wamphumphu, atangoonda pang'ono ndi mkwiyo. Bala la mwana lidapola. Chomwe chidachedwa kupola ndi chinansi. Aneba adasuntha mphasa yawo ya mpunga kukayala mzere wina, ndipo ku banki m'khonde ankakhala uko, amayi kuno. Ine ndikuti adali ndi chifukwa. Kapepala kadatsimikiza kuti galu alibe chiwewe, koma sikadafufute mano pachikhatho cha mwana. Amayi nawo adazidziwa, n'chifukwa chake adamanga kampanda ka bango kuseri kwa nyumba, ndipo ana akamasewera pabwalo agalu amakhala mkati.

Mwezi wa Disembala uli pakati, makoswe adaboola matumba awiri a mpunga kwa aneba aja. Madzulo ena tidangomva "odi" wotsika pakhomo. Adali iwo, mbale ya mpunga m'manja, maso ali kumbali.

"Achemwali, Bwerekani alipo?"

"Alipo, koma mwana agone kwa agogo ake usiku uno," adatero amayi, akumasula kale chingwe.

Lero Musandiyese mano adatha, amangogona pansi pa thandala la nsomba, ntchito yonse adasiyira mwana wake. Tsamba la mlandu uja lidamatidwa kale, pali fotokope ya lisiti la mankhwala ndi chithunzi cha galu wa miyendo isanu chomwe adajambula mwana wolumidwayo. Buku lachiwiri latsala masamba anayi, ndipo sabata yatha amayi adandituma kuti ndikawagulire lachitatu ku Limbe. Nditadandaula kuti kauntabuku ladula masiku ano, adatsitsa ndowa, n'kutsegula tsamba la 2022, n'kuloza ndi chala pomwe padalembedwa kuti, "Wabwereka ya foni, akuti abweza mwezi wa mawa."