Khasu la ku Mandala: Mmene Zitsulo Zidafikira m'Masitolo a ku Chiradzulu

Omvera amene amagula khasu, chikwanje kapena misomali pa Namadzi, pa Njuli kapena pa Namitambo amaona munthu mmodzi yekha, ndiye mwini sitolo. Koma kumbuyo kwa mwini sitolo aliyense kumakhala wina wosaoneka, amene amamupikulitsa katunduyo. M'masiku oyamba a masitolo m'dziko muno, wopikulitsayo ndiye adali mwini malonda weniweni. Iyeyo ndiye ankadziwa chimene chibwere, mtengo wake, ndiponso munthu woyenera kupatsidwa katundu pa ngongole.

Chitsulo sichidayambe ndi masitolo ayi. Pamene David Livingstone ankadutsa m'mapiri a kuno m'chaka cha 1859, adapeza Amang'anja ali ndi ng'anjo zawo m'midzi. Ankakumba mtapo, nautentha ndi makala ndi mivukuto, ndipo osula ankapanga makasu, nkhwangwa, mipeni, mikondo, masingano ndi zibangiri. Khasu lidali ngati ndalama, pakuti munthu ankatha kusinthanitsa ndi mchere wa ku Chilwa kapena nsalu yoomba pamanja. Ntchito imeneyi idayamba kufooka sitolo isanamangidwe ndi imodzi yomwe, chifukwa cha nkhondo zogwira akapolo ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 imene idabalalitsa midzi yambiri. Tsono masitolo adapeza osula atatopa kale, nangowatsiriza.

Kampani yoyamba idakhazikitsidwa ku Glasgow m'chaka cha 1878, dzina lake Livingstonia Central Africa Company, ndipo pambuyo pake idadzatchedwa African Lakes Corporation. Oyendetsa ake kuno adali anthu awiri apachibale, John ndi Frederick Moir. Popeza John ankavala magalasi a maso, anthu adamutcha Mandala, ndipo dzinalo lidamamatira kampani yonse. Nyumba yawo ya ku Blantyre, imene idamangidwa m'chaka cha 1882, ilipobe mpaka lero. Wopikisana nawo wamkulu adali Eugene Sharrer, mwini masitolo a Kabula, amene malonda ake adalowa m'manja mwa British Central Africa Company m'chaka cha 1902.

Makampani amenewa sankasula kanthu. Ntchito yawo idali kuitanitsa ndi kutumiza. Mipeni, malumo ndi sizasi zinkachokera makamaka ku Sheffield, mzinda wa ku Mangalande wotchuka pa zitsulo zakuthwa. Makasu, nkhwangwa, maloko ndi misomali zinkapangidwa cha ku Birmingham ndi Wolverhampton, kumene kudali kampani ya Chillington imene makasu ake a chizindikiro cha ng'ona adafala m'maiko ambiri a mu Afrika. Ajeremani nawonso sadagone: mpeni wopinda wa Okapi, umene anyamata ambiri adaukonda, udayamba kupangidwa ku Solingen m'chaka cha 1902. Chizindikiro chodindidwa pa chitsulo chidali chinthu chachikulu, chifukwa wogula amene sankadziwa kuwerenga ankazindikira chithunzi, ndipo khasu likamupindikira m'munda chaka chimodzi sankabwereranso ku chithunzi chomwecho.

Ulendo wa katunduyo ndiwo udali wowawa. Sitima zikuluzikulu zinkatula mabokosi ku Quelimane, ndipo kuyambira 1891 pa doko la Chinde, pamathiriro a Zambezi. Kuchoka apo ankalowa m'sitima zing'onozing'ono zokwera Zambezi ndi Shire mpaka ku Chiromo kapena kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Madzi akaphwa m'chilimwe, sitima zinkatitimira mumchenga, katundu nkukhala miyezi ali panjira. Kuchokera kudooko kukwera mapiri mpaka ku Blantyre kudalibe ngolo yodalirika koma mitu ya anthu. Amtengatenga ankasenza mtolo wa mapaundi 50 kapena 60 munthu mmodzi. Apa mpomwe chitsulo chinkasiyana ndi nsalu. Mtolo wa nsalu udali wa ndalama zambiri, pamene mtolo wa makasu, wolemera chimodzimodzi, udali wa ndalama zochepa, chonsecho onse awiri ankadya malipiro ofanana a wosenza. Motero pa zaka zoyambazo nsalu, mikanda ndi waya wamkuwa ndizo zinkadzaza masitolo, ndipo mwa zitsulo zinkayenda bwino ndi zing'onozing'ono monga mipeni, masingano, mbedza ndi malumo.

Njanji ndiyo idasintha zinthu. M'chaka cha 1908 sitima ya pamtunda idayamba kuyenda kuchokera ku Port Herald, kumene tsopano ndi ku Nsanje, mpaka ku Blantyre, ndipo Limbe, amene ali pakhomo penipeni pa Chiradzulu, adakula nasanduka msika wa opikulitsa. Njanji ya ku Beira idatsegulidwa m'chaka cha 1922, ndipo mlatho wa pa Zambezi udatha m'chaka cha 1935. Chitsulo cholemera, monga miphika ya miyendo itatu, ndowa ndi malata, chidayamba kufika pa mtengo umene mlimi akadaufikira.

Ogula adalipo ochuluka. Cha m'ma 1900 Alomwe ambiri adayamba kulowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique, nakhazikika m'Chiradzulu, ena pa minda ya A. L. Bruce Estates ku Magomero kumene ankagwira thangata. Banja lililonse lobwera linkafuna khasu lolimira, nkhwangwa yodulira mitengo ya nyumba ndi mpeni wa pakhomo. Eni minda ya thonje ndi fodya nawonso ankagula makasu ambirimbiri nthawi imodzi. Msonkho wa nyumba udakakamiza anthu kufuna ndalama, ndipo munthu akakhala ndi ndalama m'manja, kupita kusitolo kunkamupepukira kuposa kudikira wosula.

Amene adafikitsa katunduyu m'mphepete mwa misewu ya kumidzi adali makamaka Amwenye, ambiri a iwo ochokera ku Gujarat. Kachitidwe kawo kadali kotere: wamalonda wamkulu wa ku Blantyre kapena ku Limbe ankaitana mbale wake wamng'ono, namupatsa katundu pa ngongole, namutuma kukatsegula kasitolo ka chipinda chimodzi. Mnyamatayo ankagona momwemo, nabweza ngongoleyo pang'onopang'ono akagulitsa. Wamkuluyo nayenso ankalandira katundu pa ngongole kuchokera ku makampani a Azungu kapena kwa anzake a ku Bombay. Malonda onsewa adali unyolo wa ngongole, ndipo amene adali kunja kwa unyolowo sankapita patali.

Kunja kwa unyolo kudali eni dziko. Boma la atsamunda lidaika lamulo lakuti ngongole yopatsidwa kwa munthu wakuda, ikapitirira kandalama kochepa kamene lamulolo lidatchula, khoti silikanathandiza kuilonjerera. Eni lamulo ankati akuteteza anthu kuti asamire m'ngongole. Kunena zoona, lamulolo lidatseka khomo, pakuti palibe wopikulitsa amene akadapereka bokosi la makasu kwa munthu amene khoti silingamukakamize kulipira. Akuluakulu adati nkhwangwa yobwereka sikhalira kuguluka, koma apa vuto lidali lina: mnzako wabwerekedwa nkhwangwa, iwe wakanizidwa, ndipo nonse mukuuzidwa kudula mtengo umodzi. Munthu wakuda ankayenera kupikula ndi ndalama pamanja, pang'onopang'ono, nthawi zina kwa Mmwenye yemweyo amene ankapikisana naye.

Ngakhale zidali choncho, ena adayesa, ndipo ambiri mwa iwo adali pafupi ndi mbusa John Chilembwe, amene adakhazikitsa Providence Industrial Mission pa Mbombwe m'chaka cha 1900. M'chaka cha 1909 anthu ophunzira ndi amalonda a chigawo chino adayambitsa bungwe la Natives' Industrial Union kuti azithandizana pa malonda ndi ulimi. Bungwelo silidakhalitse. Mmodzi mwa amalonda otchuka a nthawiyo, Duncan Njilima, adali ndi masitolo ndi munda wake, koma adaphedwa ndi boma pambuyo pa kuukira kwa 1915.

Pa kuukirako padachitika chinthu chosonyeza mphamvu ya nyumba ya wopikulitsa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene gulu lina linkalowera ku Magomero, gulu lina lidayenda pansi kupita ku Blantyre kukathyola nyumba yosungiramo katundu ya Mandala, chifukwa m'menemo ndimo munkasungidwa mfuti ndi zipolopolo. Mfuu idamveka msanga, ndipo adangotulukamo ndi mfuti zowerengeka. Zidzukulu za anthu amene ankadzisulira okha mikondo zidayenera kukafuna zida m'sitolo ya mlendo.

Osula sadatheretu. Ng'anjo zidazima, koma chipala chidatsala, ndipo mmisiri adayamba kusula nkhwangwa, sompho ndi mipeni kuchokera ku zidutswa za zitsulo zakale, makamaka masipuling'i a galimoto. Nkhwangwa yotereyi anthu ambiri amaikondabe kuposa ya m'sitolo.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, makasu adayamba kupangidwa ku Blantyre konkuno ndi kampani ya Agrimal. Kuyambira 1970 boma la Dr Banda lidalamula Amwenye kuti achoke m'malo a malonda a kumidzi, ndipo pofika 1978 adasonkhanitsidwa m'mizinda ikuluikulu. Kuti eni dziko amene adatenga masitolowo apeze kopikula, boma lidakhazikitsa masitolo opikulitsa a Chipiku m'maboma. Komabe ambiri mwa eni atsopanowo adalibe mpamba wokwanira kapena mbale wowapatsa katundu pa ngongole, ndipo m'malo ambiri a malonda nyumba zina za masitolo zidakhala zotseka kwa zaka zingapo.