Kasawala ndi Chambo cha Maŵa

Munthu woyenda mu msika wa Limbe m'maŵa, kumbali yogulitsirako nsomba, amaona milu ya usipa, utaka, mcheni ndi kampango wowamba. Chambo chachikulu chija ankachidziŵa makolo chimaoneka mwa apo ndi apo, ndipo mtengo wake ndi wothaŵitsa. M'malo mwake pamabenchi pamapezeka tinsomba tosaposa chikhatho cha munthu, timene asodzi a ku Mangochi amatitcha kasawala. Ogula ena amayesa kuti umenewu ndi mtundu wina wa nsomba, chikhalirecho kasawala ndi mwana wa chambo.

Chambo sichikula msanga. Chimatenga zaka pafupifupi zitatu kuti chiyambe kuswa, ndipo pa nthaŵi imeneyo chimakhala chitapitirira masentimita 20 kutalika kwake. Chachimuna chimakonza chisa mumchenga pansi pa nyanja. Chachikazi chikaikira mazira chimawatola ndi kuwafungatira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo ana akatuluka amathaŵirabe m'kamwa mwa mai wawo akaona adani. Mazirawo amakhala mazana ochepa chabe, pamene nsomba zina za m'nyanja zamchere zimaikira mamiliyoni. Chotero khoka likakokolola chambo chofungatira limapha banja lonse, ndipo likakokolola kasawala limapha nsomba imene sinasiye mwana ndi mmodzi yemwe.

Zotsatira zake zidaoneka poyera pa nyanja ya Malombe. M'chaka cha 1982 asodzi a kumeneko adagwira chambo choposa matani 8,000, koma patangotha zaka khumi chogwidwacho sichinkafikanso ngakhale matani 1,000. Makoka a maso ang'onoang'ono, monga nkacha ndi khoka la kambuzi, adachuluka. Ankasesa ana a chambo ndi kuzula udzu wa m'madzi m'mene anawo amabisala. M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN lidaika mitundu itatu ya chambo cha m'nyanja ya Malaŵi m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Boma lidayesetsa kuchitapo kanthu. M'chaka cha 1993 lidayamba kugwira ntchito ndi makomiti a asodzi pa Malombe, ndipo mu 1997 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano losamalira nsomba. Malamulo adaletsa kugwira chambo chosafika masentimita 15, adakhazikitsa kukula kwa maso a ukonde, ndiponso adatseka usodzi wa makoka m'miyezi imene chambo chimaswa. Komabe mwana wa sukulu aliyense wodziŵa masamu angaone kuti 15 safika pa 20: nsomba ingathe kukwanira pa muyeso wa lamulo isanaswepo n'kamodzi komwe.

Nzeru yodikira nsomba kuti iswe si yachilendo m'dziko muno. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi onse amachoka pachilumbapo mpaka mfumu itatsegulanso. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komatu mlanduwu suthera kugombe. Msodzi amaponya ukonde wa maso ang'onoang'ono chifukwa adziŵa kuti ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Bangwe kuli omgula. Mai wa ndalama zochepa sangadzudzulidwe posankha mulu wotsika mtengo, pakuti ana ayenera kudya. Koma amene angathe kusankha achite bwino kugula usipa, umene umakula ndi kuswa m'chaka chimodzi, ndi kusiya kasawala. Aphunzitsi nawo ali ndi chida chapafupi: rula ya m'kalasi imakwana kuyezera nsomba. Mwana amene wayeza yekha chambo cha pa mbale ya kwawo adzamvetsa chifukwa chake mlimi wanzeru sakazinga mbewu yake, ngakhale njala itavuta chotani.