Kugona m'tchire la miombo, pafupi ndi Chainda

Sukulu zikatsekera mu Ogasiti, tinjira ta m'komboni ya Chainda timadzaza ndi ana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Amene makolo awo akwanitsa mtengo wa basi amatumizidwa kwa agogo ku Petauke, ku Katete kapena ku Chipata. Otsalawo amathera holide yonse pakati pa mipanda ya njerwa ndi fumbi la mphepo ya mwezi umenewu, ndipo ambiri mwa iwo sanagonepo pamalo pamene mitengo imachuluka kuposa nyumba.

Chodabwitsa n'chakuti tchirelo silili kutali. Ukatsata mseu wa ku Palabana, kum'mawa kwa mzinda, nyumba zimayamba kutalikirana, kenaka umalowa m'miombo. Kumeneko kuli malo ogona alendo monga Pioneer Camp, amene ali ndi tinyumba tofolera ndi udzu pakati pa mitengo, komanso bwalo lokhomapo matenti. Alendo ochokera kunja amatsika ndege pabwalo la Kenneth Kaunda n'kukagona kumeneko asanapitirire ku Lower Zambezi kapena ku Luangwa. Mwana wa ku Chainda amangoona magalimoto awo akudutsa.

Kanyumba kotere si kachilendo kwa munthu amene anakulira kumudzi. Denga ndi la udzu, mitanda yake ikuonekera m'kati, neti ya udzudzu yalendewera pamwamba pa bedi, ndipo panja pali kakhonde ndi malo osonkhapo moto. Chachilendo chimabwera kukada. Palibe nyimbo za m'bala, palibe hutala ya minibasi, palibe wailesi ya oyandikana nawo yolowera kukhoma. Mwana amene anazolowera phokoso amayamba ndi mantha, amamatirira chitenje cha amayi ake kadzidzi akalira. Apa ndi pamene bambo amapeza mpata wonena zimene m'tauni sizinenedwa: kuti uyu ndi mtengo wa msuku, zipatso zake zimapsa mvula ikayandikira, kuti khungwa la muombo ndilo agogo ankasenda luzi lomangira nkhokwe, kuti zikulirazo ndi nkhululu, sizoopsa. Ine ndimaona kuti maphunziro a usiku umodzi woterewu ndi amene ana athu a m'makomboni akusowa kwambiri, kuposa zidole zonse za m'mashopu a ku East Park.

Masana ndiye zosangalatsa zilipo zambiri kuzungulira Lusaka. Ku Adventure City, cha ku mseu wa Leopards Hill, kuli madamu osambira ndi motsetserekera m'madzi. Ku Kalimba Reptile Park ana amaona ng'ona, nsato ndi mamba maso ndi maso. Munda Wanga wa ku Chilanga, umene unayamba ngati munda wa maluwa ndi mitengo wa Ralph Sander m'zaka za m'ma 1950, makolo ambiri anapitako ali ana a sukulu. Ndipo kuyambira mu 2015 kuli Lusaka National Park, yotchingidwa ndi waya kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda, kumene kuli mbidzi, nyamalikiti ndi nyumbu. Mu 2022 bungwe la Game Rangers International linasamutsira kumeneko ana a njovu amasiye amene ankaleredwa ku Lilayi, ndipo anthu amaloledwa kuwaona akuyamwa mkaka wa m'botolo.

Ku Ulaya zinthu zimenezi anaziika mumpanda umodzi. Kampani ya Center Parcs, imene inayambira ku Netherlands, inatsegula malo ake oyamba a ku England m'nkhalango ya Sherwood mu 1987: banja limabwereka kanyumba m'mitengo, dziwe losambira ndi masewera a ana zili pomwepo, ndipo anthu amayenda pansi kapena panjinga. Kuno kwathu banja liyenera kulumikiza lokha, kosambira kwina, kogona kwina, ndipo malo ambiriwa minibasi sifika pakhomo. Wopanda galimoto ayenera kubwereka takisi, ndipo ndalama yake imatha asanalipire n'polowera pomwe.

Nkhani yagona pa ndalama basi. Mitengo ya malo ogona ambiri anaiika poganizira mlendo wa madola, osati mlonda wa usiku kapena mayi wogulitsa tomato pamsika. Komabe mabanja ena apeza njira. Amayi a chilimba akhoza kupatula mwezi umodzi kuti ndalama ya mwezi umenewo ikhale ya ana. Magulu a kutchalitchi amasonkherana n'kubwereka basi imodzi, mtengo n'kupepuka. Tenti ndi yotchipa kuposa kanyumba, ndipo ndi bwino kufunsiratu ngati eni malo amalola kubwera ndi ufa, kapenta ndi mbaula yanu, chifukwa chakudya cha m'lesitilanti ndicho chimagwetsa ambiri. Eni malowa nawonso akanachita bwino kuika mtengo wotsika wa anthu a komweko m'miyezi ya mvula, pamene alendo akunja amachepa ndipo zipinda zimakhala zopanda anthu. Nthawi imeneyo ndiyonso tchire limakongola, bowa ali mbwee pansi pa mitengo.

Koma kuti ulendo wotere ukhalepo, mitengoyo iyenera kukhalapo. Nkhalango ya Lusaka East, imene aliyense amaidziwa kuti Forest 27, ndiyo imasunga madzi a mtsinje wa Chalimbana umene umathira mu Chongwe. Kuyambira mu 2017 zigawo zake zinachotsedwa pa chitetezo cha boma, mapuloti anagawidwa, nyumba zikuluzikulu zinamera pamene panali miombo, ndipo nkhaniyi inafika mpaka kukhoti. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo khomo lililonse la m'komboni linadalira makala. Matumba a makala amene amalowa mumzinda panjinga ndi pamalole kudzera mu Great East Road ndi miombo yomweyo. Sitingadzudzule mayi wophikira ana ake pa mbaula, poti alibe china chophikira. Amene ayenera kuyankha ndi iwo amene amasaina mapepala ogawa nkhalango, ndipo anthu a ku Chainda, amene amakhala pafupi nayo, ali ndi ufulu wofunsa khansala ndi phungu wawo kuti zigawo zotsalazo zitetezedwa motani.