AI Ikakulemberani Lamulo, Liwerengeni Kaye

Mawebusaiti omwe timatsegula amasungidwa pa makompyuta otchedwa maseva, ndipo ambiri ali kutali. Akatswiri a mapulogalamu amawayendetsa kudzera pa SSH, njira yotetezeka yomwe Tatu Ylönen wa ku Finland adapanga mu 1995. Malamulo oyendetsera amawalemba pa terminal, windo la mawu okhaokha.

Masiku ano zida za AI monga Warp ndi Claude Code zimapeputsa ntchitoyi: munthu amangofotokoza chomwe akufuna, izo n'kulemba lamulo. Komatu nazo zimalakwitsa. Lamulo la rm -rf, mwachitsanzo, limafufutiratu mafayilo osafunsanso, moti likalozedwa polakwika ntchito ya miyezi imatha kutayika.

Choncho ophunzira athu azolowere kumvetsa lamulo lililonse asanadine Enter. Makolo, tiwalimbikitse.