ZOTUPA ZA M'CIBEREKERO ZIMACIZIKA

M'midzi yathu muli azimai ambiri amene mimba yao imakula ngati ali ndi pakati, koma miyezi 9 nkupita popanda mwana. Ena amataya magazi ambiri akakhala kumwezi, nayamba kufooka ndi kumva cizungulire. Anthu amafulumira kunena kuti mai wotere anamlodza, pamene kawirikawiri cobvuta ndico zotupa za m'ciberekero, zimene madokotala amazicha mafaibroidi.

Zotupazi ndi mnofu wa ciberekero comweco umene wakula mopitirira. Si khansa ai, ndipo sizipatsirana. Zina nzazing'ono ngati nsawawa, zina zimaposa dzungu laling'ono. Zimabvuta makamaka azimai a zaka 30 mpaka 50, ndipo mai akaleka kusamba zimayamba kufota zokha.

Mai akapita ku kiliniki ya kwao, amamtumiza ku cipatala cacikulu monga Chipata Central, St Francis' ku Katete kapena UTH mu Lusaka, kumene amamuunika m'mimba ndi makina a sikani. Pamenepo dokotala amalingalira za msinkhu wa maiyo, ukulu wa zotupa, ndiponso ngati akufunabe ana.

Ngati zotupa sizimsautsa, amangomuuza kuti azibwera kudzapimitsa. Wotaya magazi amalandira mapiritsi oonjezera magazi, ndi ena ocepetsa msambo, monga aja a cilezi kapena nyeleti yake. Mankhwalawa amathandiza kwambiri, koma sacotsa cotupa.

Zikakanika izi, pamafunika opareshoni, ndipo ilipo ya mitundu iwiri. Yoyamba ndiyo yocotsa zotupa zokha ndi kusiya ciberekero. Mai angathe kudzaberekanso, komatu zotupa zina zikhoza kumeranso, ndipo akadzaima ayenera kukacirira ku cipatala. Yaciwiri ndiyo yocotsa ciberekero conse. Zotupa sizibweranso, koma msambo ndi kubereka zimathera pomwepo. Cifukwa cace mai afunse mosaopa asanasaine pepala. Abambo nawonso adziwe kuti mkazi wocotsedwa ciberekero ndi mkazi ndithu, ndipo akacira za m'nyumba zimapitirira monga kale.

Pocira mpamene ambiri amalakwa. Mai akatuluka m'cipatala patapita masiku ocepa, cilonda ca kunja cimaoneka couma msanga, koma ca m'kati cimafuna masabata 6. Nthawi yonseyi asasinje, asalime, asasenze mtsuko kapena nkhuni, ndiponso asakhale malo amodzi ndi mwamuna wace kufikira dokotala atalola. Aziyenda pang'onopang'ono pabwalo tsiku ndi tsiku, azimwa madzi ambiri, ndi kudya ciwindi, kapenta, nyemba ndi bonongwe kuti magazi abwerere. Thupi likatentha, cilonda cikatulutsa mafinya, kapena magazi akayamba kutuluka kwambiri, abwerere ku cipatala tsiku lomwelo.

Opareshoni yotere kawirikawiri amapangana tsiku, conco banja lili ndi mpata wokonzekera. Apongozi, alamu ndi ana akuluakulu agawane nchito za maiyo asanapite, ndipo ngati dokotala abvomera, nkwabwino kusankha nyengo imene zokolola zalowa kale m'nkhokwe. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga. Mai wobwerera ku mtondo cilonda cisanapole akhoza kugonekedwanso m'cipatala, ndipo nchito zomwezo zidzatsalanso popanda mwini.