Diso la nkhumba likafiira, musathamangire mankhwala a m'maso

Mlimi wina anabwera atagwira kachubu ka tetracycline kophwatalala, akudandaula kuti mankhwala a masiku ano alibe mphamvu. Anapaka nkhumba zake m'maso sabata yathunthu, kenako zinayamba kufa. Zinali ndi chigodola.

Madokotala a ziweto timatopa nawo mawu akuti "ndi nthenda ya maso chabe." Kawirikawiri diso la nkhumba likafiira, vuto silinayambire m'disomo.

Mkati mwa chikope muli kachikopa konyowa, kofewa, kotchedwa conjunctiva. Pansi pake pamakhala timagulu ta maselo oteteza thupi, a mtundu womwe umapezekanso m'matonsi ndi m'matumbo. M'mabuku timaguluti timatchedwa CALT. Fumbi, bakiteriya kapena kachirombo kakagwera m'diso, maselowa amakazindikira, ndipo ena a iwo amapanga IgA, chitetezo chomwe chimasakanikirana ndi misozi. Akakhala pantchito, magazi amathamangira pamalopo, chikope chimatupa, manthongo amachuluka. Kufiirako ndi chitetezo chikugwira ntchito, ndipo chofunika kufunsa n'chakuti chikulimbana ndi chiyani.

Nkhumba ilinso ndi chikope chachitatu pakona ya diso yoyandikana ndi mphuno, chomwe chimasesa diso, ndipo kuseri kwake kuli kachiwalo kotchedwa Harderian gland, kotulutsa madzi okhala ndi utoto woderapo. Madziwa ndiwo amasiya mizere yoderapo yotsika pansi pa diso, imene ena amaiyesa magazi. Imachuluka nkhumba zikapanikizika m'khola, kapena kanjira kotengera misozi kumphuno kakatsekeka chifukwa cha nthenda ya m'mphuno.

Nthawi zambiri wolakwa ndi khola. Mkodzo ndi ndowe zikaunjikana zimatulutsa ammonia, mpweya woyabwa uja umene umatulutsa misozi ngakhale kwa munthu. Mwini khola amaununkhiza ataimirira, pomwe nkhumba imaupuma mphuno ili pansi, usana ndi usiku. Gaga wouma wothiridwa mofumbitsa amawonjezera vutolo. Apa chubu n'kutaya ndalama.

Choopsa ndi chigodola, chomwe chinalembedwa koyamba ku Kenya mu 1921 ndipo m'madera ngati Mchinji chimafalanso ndi nkhufi zobisala m'ming'alu ya makola. Mabuku amati khungu limafiira m'makutu ndi pamimba, koma olemba ake ankayang'ana nkhumba zoyera. Pa nkhumba zakuda za kumudzi zimenezo sizioneka bwino, ndiye diso lofiira likhoza kukhala chizindikiro chooneka msanga. Mankhwala ochiza chigodola palibe.

Choncho nkhumba imodzi ikafiira diso limodzi koma ikudya bwino, mwina yalaswa ndi udzu. Tsukani ndi madzi owiritsa ozizira, osati mchere kapena shuga. Zambiri zikamalira misozi koma zikudya, sesani khola, mulowe mphepo. Zikasiya kudya, n'kuunjikana pakona, thupi litatentha kupitirira madigiri 40, itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo, ndipo pasatuluke nkhumba kapena nyama pakhomopo, ngakhale wogula ataima pachipata ndi ndalama m'manja.